Moto Unatsika ndi Zambwe

Lolemba, 9 Okutobala
Kutentha koopsa kuno ku Liwaladzi. Masana mphepo imachoka kunyanja kukwera phiri, dzuwa likapendeka imatembenuka n'kutsika m'khwawa lathuli ngati madzi a mvula. Zambwe ameneyu dzulo wasasula denga la khitchini. Achimwene, a Chiukepo, ayatsa uvuni wa makala pamwamba pa khwawa. Ndawauza kuti akwirire bwino, akuti, "Iwe Marjory, za makala uzidziwira kuti?"

Lachitatu, 11 Okutobala
Moto! Wafika madzulo ukubangula, udzu woyaka ukuuluka pamwamba pa mitu yathu. Nyumba zitatu zapsa, pamodzi ndi mpunga wonse wa a Abdallah. Kamwana ka Nasra kapsa mwendo.

Lachinayi, 12 Okutobala
Anthu akuti woyambitsa moto ndi a Frazer, obwera aja odula nzimbe ku esiteti, poti anawaona akutentha zinyalala m'munda masana. Awagwirira pamjigo, awamenya ndi nkhafi za bwato mpaka mano pansi. Wotsogolera, wokuwa kuposa onse, achimwene anga. A Frazer apulumukira m'nyumba mwawo, adzikhomera.

Koma munda wawo uli kumunsi, chakunyanja. Moto ungakwere bwanji madzulo kulimbana ndi zambwe? Ine ndinauona ukutsika.

Lachisanu, 13 Okutobala
Ndakwera kuphiri m'mawa. Uvuni unang'ambika mbali imodzi, kupsa kwayambira pomwepo n'kutsetsereka mpaka kumudzi. Kumtunda kwake udzu uli chilili.

Amene anandilera bambo atamwalira ndi achimwene omwewa. Ndawafunsa za uvuniwo, andiwomba mbama, khutu likulirabe. Akuti, "Ukangoyankhula, ine ndilibe mlongo."

Loweruka, 14 Okutobala
Anthu anabwera ndi petulo kunyumba kwa a Frazer, ana awo ali m'kati akulira. Ndinakaima pakhomo.

Ndinati, "A Abdallah, Lachitatu madzulo utsi umalowera kuti?"

Anati, "Kunyanja."

"Nanga moto umachokera kuti?"

A Abdallah anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana kuphiri. Onse anatembenuka. Pamudzi pano wowotcha makala pakhwawa paja ndi mmodzi yekha, achimwene, ndipo chigubu cha petulo chinali m'manja mwawo. Anthu anayamba kuwazungulira, nkhafi zomwe zija zili m'mwamba.

Ndinachoka pakhomo paja, n'kukaima kutsogolo kwa achimwene. Nkhafi yoyamba inagwera paphewa langa, enawo anatsitsa zawo osamenya.

Achimwene sanandiyang'ane. Mpaka pano sanandiyang'ane.