Botolo Limene Anabwera Nalo Azakhali

Okondedwa Amayi,

Mwadzuka bwanji kumeneko? Maso aja akuyabwabe? Nanga mawondo? Ine kuno ndili bwino, kungoti ndinadzicheka chala ndi sowo, koma chapola.

Achemwali anandiuza pafoni kuti mwakana kutaya botolo la madzi limene azakhali anabwera nalo kuchokera ku tchalitchi china cha kuno, ndipo mukufuna kuyamba kudonthezera m'maso mankhwala a kuchipatala akatha. Akuti munanena kuti mwana wosapemphera sangakuuzeni za madzi odalitsika. Chabwino, Amayi. Sindikulemba ngati mlaliki. Ndikulemba ngati wokonza mapaipi, chifukwa khoma lotuluka madzi amenewo ndaligumula ndine, ndi manja angawa.

Tchalitchicho chili pansi pa nyumba yakale yosanjikiza, ndipo pamwamba pake pamakhala anthu. Miyezi itatu yapitayo khoma la kuseri kwa guwa linayamba kudontha, pansi penipeni pa mtanda. Anthu anati ndi misozi ya kumwamba. Ankaima pamzere mpaka kumsewu, mabotolo ali m'manja, ena kumwa, ena kusamba kumaso. Ife anatiitana ndi mwininyumba pa nkhani ina: mayi wokhala pamwamba ankadandaula kuti simenti ya m'bafa mwake yafewa. Abwana anatuma ine ndi mnzanga amene timamutchula kuti Palibe, chifukwa ukangoti Mulungu, iye amati palibe. Ine amanditchula kuti Kaya, ndipo chifukwa chake mukuchidziwa.

Nditatsika kukaona khomalo ndinatenga dontho pachala n'kununkhiza. Fungo limenelo ndagwira nalo ntchito zaka zisanu ndi ziwiri. Koma mphuno ya munthu mmodzi siingabweze anthu mazana awiri, choncho ndinapempha abusa kuti andilole kuyesa. Anandiyang'ana kuyambira nsapato mpaka chipewa, kenako anavomera.

Tili ndi ufa wa utoto umene timafufuzira potayikira madzi. Ndinathira wobiriwira m'chimbudzi cha pamwamba, ndinagejemula katatu, n'kutsika kukakhala pabenchi yakutsogolo. Mphindi makumi atatu zinatha kuli zii. Mumtima ndinali nditakonzeka kupepesa pamaso pa onse. Kenako dontho linagwa m'ndowa imene anatchera pansi pa khomalo, lobiriwira ngati tsamba.

Phokoso lake, Amayi! Mkulu wina wa mpingo, wa jekete loyera, anakuwa kuti mtsikana wa ovololoyu wabwera ndi zamatsenga, wapaka khoma anthu asakuona. Ena anayamba kundikankhira pakhomo. Ndinati ayi, bambowo afunsa bwino, nanenso ndikanafunsa zomwezo. Ndinapatsa abusa timapepala titatu ta ufa kuti asankhe okha mtundu, akathire okha, ine ndikhale pansi manja ali m'thumba, wa jeketeyo akundilondera. Abusa anakwera masitepe osandiuza chimene asankha. Atabwerera anakhala pambali panga, ndipo madzi atayamba kufiira anatambasula dzanja lawo: zala zinali zofiira psuu.

Tinagumula khomalo tsiku lomwelo. Paipi ya chimbudzi inali itang'ambika, mng'alu wake kutalika ngati chikhatho changa. Abusa anasuzumiramo, n'kutenga ndowa zonse kukakhuthula okha m'ngalande. Ndikuuzani zoona, ndinanyada. Ndinabwerera kunyumba ndikuimba, fumbi lili m'tsitsi.

Palibe ndiye anachita kuvina m'galimoto, ati lero tamugwira Mulungu, anabisala m'paipi. Ndinamuuza kuti asandinamizire. Utoto wanga waonetsa kumene madzi amachokera, basi. Za kumwamba sunanene chilichonse, ndipo kulibe chimbudzi choti ndikathiremo ufa n'kuona ngati utsika. Anati ndine wamantha, ndimaopa kusankha mbali. Ndinati munthu amene angoimirira pakati pa mpingo wolusa, atanyamula kapepala ka ufa kokha, asamutchule wamantha.

M'mawa mwake tikumata paipi yatsopano, abusa anabweretsa tiyi n'kundifunsa ngati ndimakhulupirira. Ndinawayankha zimene ndinakuyankhani inu chaka chija: sindikudziwa. Ndinati ndikakumbukira Atate, momwe tinagwadira masabata atatu koma iwo n'kupitabe, ndimati mwina kulibe womva. Koma tsiku limene achemwali anachira, nditanyamula kakhanda kaja n'kuona tizikhadabo take tonse khumi, ndinasowa woti ndimuthokoze, ndipo ndinaona kuti anamwino okha sakukwana. Ziwirizi ndimaziyeza kawirikawiri, palibe imene yalemera kuposa inzake. Abusa anati pali mayi wina amene mwana wake anachira atamwa madziwo. Ndinafunsa ngati mwanayo ankamwanso mapiritsi. Anaseka, nati ankamwa. Sanandikakamize, inenso sindinawanyoze. Anangoti iwo akhulupirirabe, koma sadzamwetsanso nkhosa zawo chinthu chimene sanachifufuze. Lamulungu analengeza paguwa kuti aliyense amene ali ndi botolo ataye, ndipo amene akumva m'mimba apite kuchipatala.

Pempho langa ndi limodzi. Tayani madziwo m'dzenje, botolonso litayeni, musambe m'manja ndi sopo. Mankhwala a m'maso akatha achimwene akuperekezeni kuchipatala mukatenge ena. Ndikudziwa kuti mawu a mwana wosapemphera ndi opepuka kwa inu, ndiye ndinapempha abusawo kuti alembe okha. Kalata yawo ili mu envulopu yomweyi, yasainidwa ndi kudindidwa. Achemwali akuwerengereni kawiri.

Azakhali musawakalipire. Anaima pamzere maola anayi dzuwa likuswa mtengo chifukwa chokukondani. Muwapatse moni, ndipo ngati anamwako apite akapimidwe. Moni kwa achemwali ndi alamu, kwa achimwene, kwa amalume, ndi kwa adzukulu anu onse, makamaka kamtsikana kotafuna makolala a malaya kaja.

Kundipempherera musasiye, sindinakuletsenipo. Ngati kumwamba kuli wina womva, ine sindikudziwa, ndipo sindinama kuti ndikusangalatseni. Koma zimene zili m'botolomo ndikuzidziwa bwino lomwe. Ndikubwera mwezi wamawa, ndipo ndikufuna mudzandione ndi maso anu awiri ndikutsika basi, mudzandikalipire kuti ndawonda.

Tsalani bwino, Amayi.

Ndine mwana wanu wamkazi wachiwiri,
wamakani uja