Ukaona Utsi Usaope

Telala 14:02
usapite lero. asintha tsiku, akutentha chigawo chathu chija

Telala 14:03
mphepo yagona ndiye abwana akuti tiyatse lero lomwe, osadikira lachisanu

Telala 14:07
Chitsi yankha plz

Telala 14:11
📞 foni yosayankhidwa

Telala 14:12
ngati wanyamuka kale bwerera. usakwere pa nsanja

Achemwali 14:31
moni a telala. mwini foni kulibe, waisiya pa chaja kuseri kwa filiji. ndine mkulu wake

Achemwali 14:31
masiku ano madiresi mukusoka ndi moto?

Telala 14:32
achemwali pepani. wachoka nthawi yanji

Achemwali 14:33
titangotha kudya. wati akupita ku library. wadzola mafuta anga, wavala nsapato zanga

Achemwali 14:33
ndiwe ndani iwe

Telala 14:34
si ine telala, anangondisunga choncho mu foni. ndimagwira ntchito ku nkhalango ya boma, gulu la zamoto

Telala 14:35
🎤 voice note 0:41
"Achemwali mvetserani, ndili pa mzere woyatsira moto, sindingalankhule mokweza. Chaka chino boma latseka nkhalango yonse mpaka mvula. Tikutentha udzu dala, chigawo ndi chigawo, usanaumitsitse, kuti moto wolusa ukadzabwera usadzapeze chodya. Masiku ake sitilengeza, chifukwa alenje akamva amadzayatsa wawo kumbali. Ndinasaina kuti sindiuza munthu. Koma Chitsi ndinamuuza. Timakumana pa nsanja yakale yoonera moto, mkati mwa chigawo chimene tikuyatsachi."

Achemwali 14:37
wati nkhalango ndi yotseka. walowa bwanji

Telala 14:37
ali ndi kiyi wa kageti ka kumtsinje

Achemwali 14:37
anampatsa ndani

Telala 14:38
alamu nthawi ikutha

Achemwali 14:38
mlamu wako ndani. uza abwana ako asayatse

Telala 14:39
tayatsa kale. timayamba mbali imene mphepo ikulowera, kenako m'mbali ziwirizi, pomaliza timatseka. mbali ya kumtsinje ikadali yotsegula

Telala 14:39
mukakwera njinga yamoto pano mukampeza pa kageti. muyimirire pamenepo mukuwe dzina lake, amva

Achemwali 14:40
ndili ndi khanda kumsana ndipo geti lakolo sindikulidziwa. abwana ako ali pati

Telala 14:40
pa galimoto, apa pomwe

Achemwali 14:40
ndiye?

Telala 14:44
achemwali, abwana akadziwa za kiyi ntchito yatha. mwinanso apolisi. lamulo latsopanoli silisewera, mnzathu wina anamuchotsa chifukwa cha ndudu imodzi

Telala 14:44
mwina sanafike nkomwe. mwina ali ku library zoona

Achemwali 14:45
mabuku ake onse ali pano pa bedi

Achemwali 14:45
komanso inhaler yake ili pa windo. unkadziwa kuti mwanayu ali ndi mphumu?

Telala 14:46
sanandiuzepo

Achemwali 14:46
inu mumakambirana chiyani pa nsanjapo, nyenyezi?

Telala 14:48
ndi wochenjera. akaona utsi atsika yekha, adutsira kumtsinje. tingodikira pang'ono

Achemwali 14:49
📞 foni yosayankhidwa

Telala 14:49
sindingayankhe, abwana akuyang'ana kuno

Achemwali 14:50
ndakwera m'mwamba mu chat yanuyi. ndikuwerenga zauve zanu zonse. tamva izi, unalemba dzulo

Achemwali 14:50
"mawa ukaona utsi usaope, ndi chigawo china, chakutali. ukwere pamwamba undidikire, tidzauonera limodzi"

Achemwali 14:51
iye anayankha ka mtima. ka mtima, iwe

Achemwali 14:51
utsi akuuona pano ndipo wakhala phee akuti ndi wokongola. wamuuza ndiwe kuti asathawe

Achemwali 14:54
ULIPO?

Achemwali 14:56
ndatuluka panja. kuno kukuoneka, kumwamba kwada mbali ya kuphiri. phulusa likugwera pa zovala pa chingwe

Telala 14:58
mphepo yadzuka. akuti titseke msanga moto usadumphe msewu

Telala 14:58
andipatsa ineyo muuni woyatsira mbali ya kumtsinje

Telala 14:59
ndiyenda pang'onopang'ono, ndimugulira nthawi. ndikafika pa kageti ndilowa mwakachetechete

Achemwali 14:59
🎤 voice note 0:22
"Mwana iwe. Chitsiriza wa mayi anga uja ndinamubereka kumsana ineyo. Nambala ya ofesi yanu ndaipeza, ikuitana pa foni yangayi, ukuimva? Ukapanda kutsegula pakamwa pako, abwana ako amva kwa ine, ndipo amvanso kuti unkadziwa. Ponya chimuunicho pansi uthamange."

Telala 15:01
ok

Achemwali 15:01
ok chani

Achemwali 15:04
ku ofesi sakuyankha. iwe wanena?

Achemwali 15:09
telala

Achemwali 15:15
chonde

Telala 15:17
ndanena zonse. aimitsa pa redio, mbali ya kumtsinje sayatsa. tikulowa anthu asanu ndi thanki ya madzi. abwana sanatukwane nkomwe, angondiyang'ana

Achemwali 15:17
inhaler ndaipereka kwa wanjinga, akubwera nayo pa geti lalikulu. wanjingayo wavala jekete yofiira. uzani mlonda amulole

Achemwali 15:30
mwafika?

Achemwali 15:42
wanjinga akuti waipereka. akuti kumeneko munthu sukuona dzanja lako

Achemwali 15:58
amayi akuimba akufunsa ngati Chitsi wabwera. ndawauza kuti akusamba. Mulungu andikhululukire

Achemwali 16:14
lankhulani kanthu anthu inu

Chitsi, pa foni ya Telala 16:33
achemwali ndine. ndili moyo

Achemwali 16:33
📞 foni yosayankhidwa

Chitsi 16:34
mawu sakutuluka, ndingolemba. ndili mu galimoto yawo pa geti lalikulu. makwerero a nsanja anayamba kupsa ndili pamwamba, anditsitsa ndi chingwe. nsapato zanu imodzi yatsala komweko pepani

Achemwali 16:34
nsapato ndi chani. ukupuma bwino?

Chitsi 16:35
bola. inhaler yafika

Chitsi 16:36
achemwali musamukalipire. woyamba kulowa mu utsi ndi iyeyo, manja ake matuza okhaokha. amulanda ID, wakhala pa mwala akulira kuposa ine

Chitsi 16:36
wataya ntchito chifukwa cha ine. atangodziwa kuti ndili mkati anasiya zonse

Achemwali 16:37
wakuuza choncho?

Chitsi 16:37
eee

Achemwali 16:38
foni yake ili m'manja mwakomo. kwera m'mwamba uwerenge wekha, uyang'anenso nthawi

Chitsi 16:38
ndiwerenge chani

Achemwali 16:38
ingowerenga

Achemwali 16:49
Chitsi

Achemwali 16:55
mwana wa mayi anga

Chitsi 17:02
ndawerenga

Chitsi 17:03
akufunsa ngati andiperekeze kunyumba

Achemwali 17:03
ndiye wati bwanji

Chitsi 17:06
mubwere mudzanditenge inuyo. ndikumubwezera foni yake