Makapu a pa Khonde la Che Jaffalie

Mangochi, Malawi
Lolemba, 14 Okutobala 2024

Okondedwa Atate,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi amayi ndi onse kwathu ku Katete. Ine kuno ndilipo, kungoti dzuwa la ku Mangochi silimvera chisoni munthu wovala tayi. Malaya oyera aja amayi anandigulira ku Chipata ayamba kuthetheka m'khosi, ndipo nsapato ndasoketsa kawiri.

Mudabwa kuona kalata ya papepala pomwe Lolemba lililonse amatilola kuimba foni kwathu. Ndimaimbadi, ndipo nthawi zonse amayi amati, "Atate ako angotuluka kumene, apita kudimba." Atate, dimba lathu ndimalidziwa. Silingafune munthu Lolemba lililonse 4 koloko madzulo kwa chaka ndi miyezi iwiri. Sindikukuimbani mlandu ayi. Ndikudziwa chimene chimakutulutsani m'nyumba, ndipo ndicho ndagwirira cholembera lero. Koma mundilole ndiyambire patali, mukudziwa kuti mwana wanuyu salunjika polankhula.

Moyo wa umishonale ndi wa wotchi. Timadzuka hafu pasiti sikisi, kupemphera, kuwerenga malemba, kenako kulowa m'makwalala awiriawiri. Mnzanga ndi Elda Kabeya wa ku Lubumbashi, munthu wosalankhulitsa koma wakudya kwambiri. Lamulo ndi lakuti tisasiyane, ngakhale pokagula tomato. Kusambira ndi kukwera boti n'koletsedwa, choncho miyezi isanu ndi iwiri ndakhala pakati pa Shire ndi nyanja, koma madzi amene ndawagwira ndi a m'ndowa basi. Pathumba la malaya pali kabaji kolembedwa kuti Elder Sakala (timatchula kuti Elda), ndiye kuti mkulu. Inu zinakutengerani zaka makumi atatu kuti akusankheni kukhala mkulu wa mpingo wanu, ine anangondipachika. Amayi ogulitsa usipa akationa amaseka, amvekere, "Afika akuluakulu opanda ndevu."

Anthu ambiri kuno ndi Asilamu, ndipo ndi aulemu zedi. Amatipatsa mpando ndi madzi akumwa, n'kutiuza mokoma kuti chipembedzo ali nacho kale. Tsono Lamlungu lililonse timatumiza lipoti kwa atsogoleri athu: taphunzitsa angati, abwera kutchalitchi angati, abatizidwa angati. Pamzere womalizawo ndakhala ndikulemba ziro chifikireni. Palibe anandikalipirapo, koma ziro ameneyu ankandidya m'kati, makamaka ndikamva kuti anzathu a ku Blantyre abatiza banja lathunthu.

Sabata yoyamba nditafika, mu Malichi, tinapeza madoda awiri atakhala pabenchi pakhonde la telala, panjira yopita kumsika, aliyense kapu m'manja. Mmodzi ndi Che Jaffalie, Msilamu, mwini khondelo. Maso awo anachita khungu, ndiye makina osokera amapalasa mwana wawo Farida. Winayo ndi a Simioni a ku Malindi, obadwira mu Anglikani, amene anali mmisiri wokhoma maboti mpaka msana unawakana. Awiriwa akhala akukumana pabenchi limenelo m'mawa uliwonse kwa zaka makumi anayi. A Simioni anatifunsa mafunso ambiri tsiku lomwelo, ndipo ine ndinalemba m'kope mwanga kuti, "A Simioni, ali ndi chidwi. Vuto: tiyi."

Chimene chinawakoka ndi chiphunzitso chathu chakuti ukwati suthera kumanda. Akazi awo, mayi Enid, anamwalira zaka ziwiri zapitazo, ndipo mpaka lero nsapato zawo zili pakhomo pomwe anazivulira. Tinawaphunzitsa pang'onopang'ono, anayamba kubwera kunyumba ya lendi imene timapemphereramo anthu ngati makumi awiri, ndipo mwezi wathawu anavomera kubatizidwa pa 19 Okutobala. Ine ndinali nditamva kale kuti pa 23 andisamutsira ku Lilongwe. Mtima unali m'malere, Atate. Ndinati ndichoka ku Mangochi nditagwira kanthu.

Ndiye linafika tsiku lophunzitsa lamulo lija mumalidziwa, loletsa mowa, fodya, khofi ndi tiyi. A Simioni sanavute n'komwe.

"Tiyi ndisiya," anatero. "Si mankhwala a shuga."

Ndikanalekera pomwepo. Koma ndinaganiza za benchi lija, za fungo la tiyi wa Farida, za masabata amene anatsala, ndipo mantha anandigwira. Ndinati, "Ndipo pakhonde la Che Jaffalie paja muyambe mwasiya kupitapo. Mayesero amafunika kuwathawa."

Elda Kabeya anandiponda phazi pansi pa tebulo. A Simioni anandiyang'ana n'kufunsa.

"A Elda, amenewa ndi mawu a mpingo?"

"Ndi uphungu wa atumiki a Mulungu," ndinayankha.

Pobwerera, Kabeya anandifunsa kuti za khondezo zili patsamba liti. Ndinamukumbutsa kuti ndinayamba utumiki ndine, iye anabwera pambuyo. A Simioni anamvera. Anayamba kuzungulira njira ya kuchigayo popita kumsika kuti asadutse pakhonde paja. Ine ndinkaona kuti akuchepa mawu, koma ndinkati ndi mzimu wolapa.

Patatha masabata atatu, Lolemba lapitali, tili pakati pochapa malaya, panja panaima njinga ya kabaza. Anatsika Che Jaffalie, ndodo kudzanja ili, jumbo kudzanja ilo.

"Odi kuno. Ndikufuna mkulu wamng'onoyo, wa ku Zambia."

Tinawapatsa mpando pamthunzi. Sanafulumire. Anandifunsa za moyo wanga, za atate ndi amayi, za mvula ya kwathu. Kenako anatulutsa m'jumbomo makapu awiri achitsulo, osupuka m'milomo, n'kuwaika pamiyendo.

"Mwanangu, tsiku loyamba lija munatipeza tikutani?"

"Mukumwa tiyi, Che Jaffalie."

"Munasuzumira m'makapumo?"

Ndinati ayi.

"Unali mwezi wa Ramazani. Ine sindilawa kanthu kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa. Simioni si Msilamu, palibe chomuletsa, koma chiyambire unyamata wathu sanamwepo tiyi pamaso panga ine ndikusala. Kubwera amabwerabe. Farida amatipatsa makapu opanda kanthu kuti manja asasowe chogwira, ndipo timacheza mpaka mthunzi utachoka pabenchi. Masiku makumi atatu chaka chilichonse. Ndiye iye atandiuza kuti mpingo wanu suloleza tiyi, ndinati chabwino, yafika nthawi yanga yobweza. Ndinauza Farida kuti masamba asagulenso. Masabata atatu tsopano ndakhala ndikutulutsa makapu awiri opanda kanthu, mnzanga osaoneka."

Thovu la sopo linaumira m'manja ndili chiimire.

"Sindinabwere kudzakangana za chipembedzo," anapitiriza. "Mukafuna kumumiza m'madzi, mumizeni, ine ndidzabwera kudzamugwirira thawulo. Koma maso anga anatha. Amene wamanga nyumba, amene wamwalira, mmene madzi akwerera pamlatho, zonse ndimaonera mwa Simioni. Popanda iye kumangocha, koma kwa ine sikucha." Anapapasa dzanja langa n'kuikamo kapu imodzi. "Iyi ndi yake. Amene anamuchotsa ndiye akampatse."

Atapita ndinakhala pansi ndi kapu ija. Sindikubisirani, choyamba kubwera m'mutu mwanga sichinali chisoni. Ndinawerenga masiku. Anatsala khumi ndi awiri. Ndinaganiza zosunga kapuyo mpaka ubatizo utadutsa, kenako n'kukawauza a Simioni kuti tsopano alimba, angathe kubwerera kukhonde. Palibe akanadziwa. Nditadzutsa mutu ndinaona Kabeya wavala kale nsapato, waima pakhomo, akundidikira. Pajatu sitisiyana, ndiye sakanapita yekha, ndipo ine sindikanatha kumuyang'ana ataima pamenepo tsiku lonse.

A Simioni tinawapeza akupala mpini wa khasu kuseri kwa nyumba. Ataona kapu anaika mpeni pansi.

"Bambo," ndinatero, "za tiyi zija ndi lamulo la mpingo, ndipo ndimalikhulupirira. Koma za khonde zinali zanga. Palibe pamene zinalembedwa. Ndinkaopa kuti mubwerera m'mbuyo ine ndisanachoke, ndipo ndinkafuna kubatiza munthu mmodzi yekha ku Mangochi kuno."

"Paja ndinakufunsani tsiku lija."

"Munandifunsa, ndipo ndinakuzembani."

Analandira kapu ija n'kuipukuta ndi malaya. Sanakwiye, ndipo bola akanakwiya.

"Mwachita bwino kunena, mwanangu. Koma ine pantchito yanga, ndikapeza thabwa limodzi lofumbwa pa boti, ndinkagogoda matabwa onse ndisanalole munthu kukwera. Ubatizo uyambe waima. Ndikufuna ndiwerenge ndekha bwinobwino, ndione kuti mawu a Mulungu ndi ati, a Elda Sakala ndi ati."

Madzulo ake ndinaimbira atsogoleri athu ndi kuwauza zonse, ndipo dzina la a Simioni tinalichotsa pa tsiku la 19. M'mawa mwake tinadutsa dala njira ya kumsika. Madoda awiri aja anali pabenchi, a Simioni akufotokoza za galimoto ina imene inagwera m'ngalande, Che Jaffalie akuwatsutsa ngati anaiona okha. Farida atationa anatulutsa makapu ena awiri, n'kutithirira tonse madzi otentha ofinyiramo ndimu. Dzulo a Simioni anabwera kutchalitchi ndi mafunso odzaza pepala. Tiyi sanabwerereko. Kaya adzabatizidwa liti, kaya adzawabatiza ndani, sindikudziwa. Ine ndichoka ndi ziro wanga, ndipo zikundiwawa, sindinama.

Koma chimene chandisowetsa mtendere sabata yonseyi ndi china. A Simioni atanena zogogoda matabwa onse, nanenso ndinayamba kugogoda anga, ndipo ndinafika pa m'mawa uja ndinkachoka kwathu.

Mukuukumbukira. Zaka ziwiri munali mukukana zoti ndilowe mpingo umenewu, ndipo zopita ku utumiki simunkafuna n'kuzimva komwe. Koma tsiku limenelo munadzuka nokha, munakama ng'ombe nokha, munasonkha moto, ntchito imene sindinakuonenipo mukugwira. Munathira tiyi m'kapu yanu yobiriwira ija, imene ngakhale amayi samwera, n'kundipatsa ndi manja awiri, inu atate kupatsa mwana. Ine sindinalandire. Ndinaikankha ndi kuseri kwa dzanja, n'kunena pamaso pa amayi ndi amalume kuti, "Zimenezi n'zonyansa pamaso pa Mulungu."

Atate, lamulo limati ndisamwe. Silinena kuti ndisalandire, ndipo mawu akuti zonyansa mulibemo. Amenewo anali anga, a Dyson mwana wanu. Ndikanalandira ndi manja awiri, ndikanathokoza, ndikanakhala nanu pansi kapu ili m'manja mpaka nthawi ya basi. Sindinasuzumire m'kapumo kuti ndione chimene munali kundipatsa. Inu munakhuthulira tiyi uja patsinde la papaya, munatenga khasu n'kupita kudimba, ndipo mpaka lero simunabwereko.

Chikhulupiriro changa sindinasiye, ndipo sindikulemba kuti ndikunyengerereni kulowa mpingo wathu. Ndikupempha kuti mundikhululukire. Ndinakuchititsani manyazi pakhomo panu pomwe, pa tsiku limene munadzichepetsa chifukwa cha ine. Ndakusowani kwambiri. Ndikadzabwera mu Ogasiti chaka chamawa, ndikupempha kuti mudzandilole kukhala nanu pakhonde m'mawa, inu ndi tiyi wanu, ine ndi kapu iliyonse imene mudzandipatse, ngakhale yopanda kanthu.

Kalatayi ndapatsira mnzanga wa ku Petauke amene wamaliza utumiki wake, aisiya kusitolo kwa amalume pa boma. Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti asadzivutenso kundipezera mawu Lolemba, ndinazindikira kalekale ndipo sindinawakwiyire. Mlongo wanga Celestina alimbikire mayeso, ndikumupempherera. Kwa amalume ndidzapepesa ndekha pamaso, popeza anaona zonse. Elda Kabeya akupereka moni. Che Jaffalie nawonso akuti ndikupatseni moni, ati mwana wanu ndi wouma mutu koma miyendo yake imamva.

Lolemba pa 4 Novembala kalatayi idzakhala itakupezani. Ndidzaimba 4 koloko monga mwa nthawi zonse, ndipo ndidzapempha amayi kuti aike foni pampando wanu. Ngati dimba lidzafune madzi tsiku limenelo ndidzamvetsa, ndipo ndidzaimbanso Lolemba linalo.

Ndine mwana wanu,
Dyson