Kanthambi ka Rosa

Loweruka, Okutobala. Kwatentha koopsa, ndipo mtima wanga suli m'malo.

Rosa, mng'ono wanga amene akuphunzira za m'nyanja yamchere, wafika lero pa bwato kudzera ku Zumbo. Wabweretsa kanthambi koyera, kouma. Akuti si mtengo, koma mafupa a tizilombo ta m'nyanjamo, ndipo mtundu wake amauzindikira poyang'ana timabowo take, ngati tili tozungulira kapena totalika.

Atate aswera ndi galasi lokulitsira zinthu la Rosa pa diso, kuyang'ana kanthambiko. "Uyu ndiye mwana wanzeru!"

Ine ndimawatsuka chilonda cha pamwendo tsiku ndi tsiku, koma tiyi amene ndawapangira wazizira osamukhudza.

Kanthambiko akaika pawindo, ndipo mphepo ya ku Zambezi yayamba kuwomba. Ndaona kuti kangagwe n'kusweka. Windolo sinditseka.