Sipika ya Kumanzere

Lolemba, 3 Juni
Mwana wanga wabwera ndi masipika awiri atsopano. Aang'ono, akuda, ampu yokweza mawu ili m'kati momwemo. Kungolumikiza kumagetsi, nyimbo kuchokera pafoni. Akuti anga amatabwa aja achoke pabalaza, sofa ya mkazi wake ikusowa malo. "Bambo, mabokosi amalirowa akudikira ndani?" Ndinaseka nawo.
Amatabwawo tinawagula ndi malemu mayi ake pa 11 Ogasiti, zaka 26 zapitazo. Iwo ananyamula yakumanzere, ine yakumanja.

Lachitatu, 5 Juni
Kuntchito ndakonza mawailesi awiri, ayironi imodzi. Ndamuuza Fyuzi, mnzanga wa benchi yoyandikana. Iye: "Za ampu m'mimbazo? Ikapsa ampu, maliro ndi a banja lonse." Sananame. Anga m'kati muli sipika, kakoyilo ndi waya, basi. Ampu ndasintha katatu, mabokosi omwewo. Ampu iliyonse ndi mawu ake, umasankha wekha yokukomera. Chotentha pachokha, choyimba pachokha. Chikafa chimodzi, ukonza chimodzicho.
Zonsezi pamaso pa mwana sizituluka pakamwa.

Loweruka, 8 Juni
Tapangana ndi mwana. Lamulungu pa 16 tiyimbitsa onse, nyimbo imodzi. Opambana atsala pabalaza. Ogonja kuchipinda cha katundu, kuja kumadontha. Woweruza mpongozi.
Ndatsegula ampu, kupukuta fumbi, kuwotcherera malo anayi. Waya watsopano mamita 6, atatu mbali iliyonse. Wofiira pofiira, wakuda pakuda. Ndayang'ana kawiri.

Lachinayi, 13 Juni
Masiku asanu ndikumvetsera ndikaweruka. Mpando pakati penipeni, mapazi 7 kuchokera pa bokosi lililonse. Nyimbo ija ankaikonda mayi ake. Mawu odzaza, ofunda, osalasa khutu. Gitala wa koyambirira yekha ndiye wazilala. Tepi yakalamba, nanga n'kutani.
Mpongozi anaima pakhomo nthawi yaitali, nsanza yokolopera ili m'manja. Ngati afuna kunena kanthu. Anabwerera.

Lamulungu, 16 Juni
Tinayamba ndi ake. Phokoso lambiri, mawu opyapyala ngati a m'chitini. Ndinalimba mtima.
Kenaka anga. Ndinatsinzina. Potsegula maso, mwana ali chogwada, khutu pa bokosi la kumanzere. "Bambo, iyitu sikulira."
Ndinati asandiseweretse. Ndinaika dzanja pansalu ya sipikayo. Zii. Yakumanja ikunjenjemera bwinobwino.
Mpongozi, maso pansi: "Yakhala chete chibwerereni ine m'nyumba muno. Ndimayesa mukudziwa, bambo. Ndimati mwina mumaisungira amayi."
Anabwera pa 2 Malichi. Masiku 106.
Palibe anaseka. Bola akanaseka.

Lolemba, 17 Juni
Yakumanzere ija Fyuzi waiyeza ndi mita. Koyilo yaduka. Akuti ntchito ya tsiku limodzi, tikulunga ina, ilira ngati kale.
Atapita kukadya ndinavula wotchi. Kukhutu la kumanja: tiki, tiki. La kumanzere: palibe. Katatu konse.
Zaka 31 ndikuweruza mawailesi a anthu ndi makutu amenewa. Angati ndabweza kwa eni ake chaka chino ndikuti ali bwino? M'kope muli 44.
Khutu silimasulidwa ndi sikuludilaiva. Zonse zili m'kati, ngati masipika a mwana.

Lachiwiri, 18 Juni
Mwana akuti anga atsale pabalaza, sofa idikire. Ndakana. Pangano ndi pangano.
Kuchipinda cha katundu ndayala pulasitiki pakona posadontha. Yakumanja ndanyamula ine. Yakumanzere mpongozi, ataikumbatira ngati khanda. Tikudutsa pakhonde ndinaona milomo yake ikuyenda. Ndinagwedeza mutu kuvomera.
Sindikudziwa chimene ndavomera. Anali mbali ya kumanzere.