Sabata Imene Wailesi Anasasa Mawu

Lolemba, 3 Marichi

Mwezi watha chiyambireni mwana wanga Phee sukulu ya mkaka. Dzinali tinamupatsa moseka ali khanda, lero silikundiseketsanso. Zaka zitatu ndi theka, timawu towerengeka: mama, madzi, ayi. Akatuluka pakhomo, ngakhale timeneto timasowa. Makutu anamuyeza, ali bwinobwino. Adokotala anati, "Mupititseni kwa anzake, lilime limamasuka pagulu."

Ndinakamutenga ndine, choko chili mbuu m'malaya. Kachipinda kamodzi, mkeka wapulasitiki, tizikwama pamisomali, fungo la sopo ndi matewera. Mwana wanga pakona, akusanja zitsekerero za mabotolo. Pambali pake kamtsikana kovala nsapato mosemphanitsa, pakamwa posapuma. Anti amene amawalera amakatcha Wailesi.

Lachinayi, 6 Marichi

Anti andiitanira pambali. Akuti Phee alibe chifukwa cholankhulira, poti Wailesi amamunenera zonse. Akangoyang'ana kapu, mnzakeyo wafuula kale: "Anti, akufuna madzi." Nthochi ikabwera: "Sadya imeneyo, akuti yafewa." Mwiniwake osatsegula ndi pakamwa pomwe.

Akuganiza zowalekanitsa. Ndinavomera, ndi kuwafotokozeranso chifukwa chake: mwana amalankhula akasowa njira ina, monga madzi amaboola pamene atsekerezedwa. Ndinapereka zitsanzo zingapo. Anandimvetsera mwaulemu, kenako anati, "Aphunzitsi, belu lalira."

Lamlungu, 9 Marichi

Apongozi kunyumba. Mdzukulu wawo ali pamiyendo, akumumenya timakofi tachikondi. "Amuna angawa mukuwazunziranji? Chimene akubwera nacho kumeneko ndi chimfine basi. Ndipatseni ine."

Mayi ake a Phee akupendekera komweko. Mashifiti a kuchipatala awatopetsa, fizi nayo yakwera. Tagwirizana kuti mwezi uno ukatha popanda kusintha, achoka.

Ndili ndi mantha. Apongozi amamukonda mpaka amadziwa chimene akufuna asanaphethire. Kwa iwo sadzasowa liwu ngakhale limodzi.

Lachitatu, 12 Marichi

Awalekanitsa. Wailesi gulu la pawindo, Phee la kuchitseko. Chakudya chabwerera chosakhudza. Wakodzanso pogona, zimene anasiya kalekale.

Anti akuti dzulo Phee ankalira, iwo osadziwa chavuta. Wailesi anakuwa ali kutsidya kwa chipinda: "Sokosi yamunyowera!" Atamuvula nsapato, sokosi inalidi yonyowa. Kamwana ka eni kamamuwerenga mwana wanga kuposa ine bambo wake. Nsanje pang'ono. Kuthokoza kwambiri.

Lachisanu, 14 Marichi

Ndinapita kukapempha kuti awabwezere pamodzi. Ndinayamba ndi kufotokoza kuti mwana wamantha saphunzira, mtima uyenera kukhala pansi kaye. Anti anandidikira ndimalize. "Ndinawabwezera dzulo, aphunzitsi. Ndimafuna ndimve kaye phunzirolo."

Wadya zonse, mpaka kunyambita chivundikiro. Koma liwu, ayi.

Lachiwiri, 18 Marichi

Wailesi sanabwere, chifuwa. Phee tsiku lonse dzanja lili pa kampando ka mnzake kuti wina asakhalepo. Mnyamata wina wamkulupo anayesa, anakankhidwa. Ndinayenera kumudzudzula. Sindinathe.

Apongozi aimba, akufunsa ngati agule kale matiresi aang'ono.

Lolemba, 24 Marichi

Ndilembe bwinobwino, monga Anti andiuzira pageti.

Wailesi wabwera, koma mawu asasa. Akatsegula pakamwa mukungotuluka mpweya. Pasukulupo chitseko cha kuchimbudzi chili ndi loko wapamwamba, mwana sapita osapempha. Nthawi yogona masana, iye zinamuthina. Anti anali atafulatira, akusintha khanda thewera. Anayesa kuitana, osamveka. Ananong'oneza Phee kukhutu. Phee duu. Anamutsina.

Ndiye mwana wanga anadzuka, kudutsa pakati pa anzake ogona, kukakoka Anti siketi. "Anti, akufuna kukodza. Changu."

Anti akuti anacheuka kufunafuna kuti ndi mwana wa ndani, poti mawuwo sanawamvepo. Akuti ndi okhuthala, ngati a kabambo.

Ndinaseka. Kenako ndinakaima kuseri kwa mpanda, kupukuta magalasi nthawi yaitali.

Lachitatu, 26 Marichi

Ntchito yamukwanira. Wailesi amanong'ona, iye amalengeza. "Akufuna choko." "Akuti musunthe." Ngakhale zamwano akumazipereka mokhulupirika: wauza mnyamata uja kuti mutu wake ndi waukulu.

Apongozi pafoni: "Ine ndawasamalira chibadwire, lero akukalankhulira mkazi mnzanga?" Anaseka mpaka kutsokomola. Za matiresi sanatchule.

Koma mayi ake afunsa funso pamene timatsuka mbale: nanga mawu a Wailesi akabwerera? Zonse zimene Phee wanena ndi za mnzake. Zake sananenepo. Ine amene ndimakhala ndi yankho pa chilichonse, ndinangopitiriza kupukuta mbale youma kale.

Lolemba, 31 Marichi

Mawu a Wailesi abwerera, ndinawamva ndili kumsewu. Ndinalowa. Ndinawapeza atakhala mofulatirana, aliyense milomo italendewera. Anti anangoti, "Ayambana," ndi kumwetulira ngati ndi nkhani yabwino.

Njira yonse Phee osayankha kanthu. Ndinati basi, tabwerera pakale.

Kufika pakhomo, nsapato asanavule, anakaima pamaso pa mayi ake. "Wailesi wanama. Wati ndikufuna galimoto yofiira. Sindikufuna yofiira. Ine ndikufuna..."

Anaima. Nkhope yonse kukwinya, akulisaka liwulo. Ine ndinali nalo kale pa lilime: yobiriwira, imene amaikonda kunyumba kuno. Ndinatsegula pakamwa. Mayi ake anandiponda phazi, osandiyang'ana n'komwe. Ketulo inawira, tinaisiya. Tinadikira.

"Ndikufuna yake ija."

Mawa ndikalipira fizi ya Epulo. Za kubwerekana zidole ndimufotokozera tsiku lina.