Magazi anu akadali mu firiji

Amayi, kumeneko mukukhala bwanji? Ndamva kuti kwathu ku Lobi, ku Dedza, chisanu chafika msanga chaka chino. Nyemba zachita bwino, koma kachewere wapsa ndi chiwawu. Mpongozi wanu, mkazi wa Fabiano, wabereka mwana wamkazi ndipo amutcha dzina lanu. Watengera mphuno yanu, tsoka lake.

Kuntchito andikweza. Tsopano ndine mphunzitsi wamkulu payunivesite, ndipo ndili ndi ophunzira amene ndikuwayang'anira pa kafukufuku. Ntchito ndi yomwe ija munkaiseka: kutenga kadontho ka magazi, kukaika m'makina, n'kuyeza tinthu ting'onoting'ono timene thupi limapanga munthu akadya kapena akadwala. Munkati ndinatha zaka zonsezi pasukulu kuti ndiziwerenga zosaoneka.

Mukukumbuka chaka chimene tinabwera kumudzi ndi anamwino kudzatenga magazi, kuti tione zimene chimanga cha chuku chimachita m'thupi? Anthu anatithawa, ati ndife anamapopa. Inu mutatuluka m'tchalitchi munakhala pampando aliyense akuona, n'kutambasula mkono. Munati, "Ameneyu ndinam'patsa magazi miyezi isanu ndi inayi. Kabotolo kamodzi n'chiyani?" Amayi a mumphakati wanu anatsatira m'modzim'modzi. Pakadapanda inu, kukwezedwa kumeneku sikukadabwera.

Magaziwo alipobe, mu firiji ya ku labotale. Amalume a Lenadi amva. Akuti chiliza sichingamangidwe munthu asanakwanire m'manda, choncho ndibweretse kabotoloko tikakwirire pamene mwagonapo. Apo ayi, iwo sabwera. Mukudziwa kuti popanda iwo palibe amene angagwire khasu kumanda kuja.

Ndinawauza kuti pa timabotolo sitilemba mayina, timalemba manambala, ndipo buku losonyeza kuti nambala iyi ndi ya uje limasungidwa ndi ena, osati ine. Zimenezo ndi zoona. Chimene sindinawauze n'chakuti banja litapempha, osunga bukuwo akhoza kukapeza kabotolo kanu n'kukachotsa. Sindinapemphe. Mukachoka inu, mabanja ena aja adzafunanso awo, pakuti anabwera chifukwa cha inu. Ntchito ya zaka zambiri idzathera pomwepo, tisanadziwe chimene chuku chikuwononga m'chiwindi cha anthu akwathu. Ndisanamenso, Amayi: dzina langa lili pa ntchitoyi, ndipo ndikulifuna. Sindikudziwa kuti pa zifukwa ziwirizi chimene chikulemera ndi chiti.

Ndiye chiliza chaima. Njerwa zili kuseri kwa nyumba, zayamba kumera ndere. Fabiano sakuyankha foni yanga, mwana uja ndinangomuona pachithunzi. Zikundipweteka, koma kuntchito ndikupita.

M'mawa uliwonse ndikatsegula firiji ija, utsi wozizira umatuluka, timabotolo tili ndandanda, tofanana tonse. Ndimapereka moni kwa onse, popeza sindikudziwa kuti inu ndinu kati. Ophunzira anga amaganiza kuti ndi nthabwala.

Kafukufukuyu akadzatha, ndidzapita ndekha kwa amalume, ndidzagwada n'kuwauza zonse, ndipo chiliza chanu chidzamangidwa. Pakadali pano pirirani chisanucho, Amayi. Ndinu a ku Dedza.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Felista